Maliro a Anamzeze Pakhomo pa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinakhala namfedwa koyamba, ndipo malemuwo sanali munthu ayi. Inali timu ya mpira. Musayambe kuseka. Kwathu pa Ulongwe timu ikafa timailira bwinobwino, ndi nyimbo zomwe.

Ine ndine Agi. Ndangolemba kumene mayeso a Folomu 4, ndiye podikira zotsatira ndikuthandiza amayi kuotcha chimanga pa siteji. Anthu amati ndimakokomeza nkhani. Limenelo ndi bodza lalikulu kuposa mabodza onse amene ananenedwapo chilengedwere dziko. Zimene ndikuuzeni apazi zinachitika momwemo, ndipo wofuna umboni akwere minibasi abwere.

Timu yanga ndi Anamzeze, a jezi ya mizere yakuda ndi yoyera. Sindinasankhe ndekha. Anandipatsira ndi amalume anga a Fulugensio, achimwene awo a amayi, ngati momwe anthu amapatsirana chimfine. Amalume amakonza njinga za kabaza pansi pa mlambe wa pafupi ndi siteji, ndipo nthawi imeneyo ankakhala kwathu m'kachipinda ka kuseri. Anayamba kunditenga ku shedi ya vidiyo ndisanadziwe n'komwe kupenga mamina. Amayi ankadandaula kuti mwana wamkazi sakhala pakati pa azibambo onunkha thukuta, koma amalume ankangondinyamula paphewa n'kumapita.

Shediyo ndi ya Che Jafali, bambo wamimba yake, wa kofiya yoyera, amenenso ndi mkulu wa masapota a Mavu, adani athu a jezi yachikasu. Makoma a shedi ndi matabwa ndi masaka, malata ake ndi amene anatsala pa chombo cha Nowa. M'katimo mumatentha moti mutalowetsa nkhuku yamoyo, pofika hafu taimu mutha kuithira mchere. Jenereta inkatsokomola kuseri ngati nkhalamba ya chingambwe. Koma kutsogolo kwenikweni kunali benchi imodzi yogawa pakati, kumanja a Mavu, kumanzere ife. Benchi imeneyo sagula. Ndi ya anthu a pakamwa, ololedwa kuimirira mpira uli m'kati, kudzudzula oyimbira, kuphunzitsa kochi ntchito yake ndi kuseka anzawo mpaka alire. Ena onse a kumbuyo amangothandiza phokoso.

Tsono mwambo wa maliro uli chonchi. Timu ikagonja masewero akuluakulu, a chikho kapena otulukira mu ligi, mawa lake masana opambanawo amasoka bokosi la makatoni a sopo, kulikuta ndi nsalu ya mtundu wa timu yakufayo, n'kulinyamula mpaka pakhomo pa mkulu wa masapota ogonja. Pamsewu amayalapo masamba ngati pa maliro enieni. Mkuluyo, kapena wina wa m'nyumba mwake, amayenera kutuluka atavala jezi, kuyala mkeka n'kukhala pansi. Aliyense amabwera kudzapepesa, koma kupepesa kwake n'konyoza, ndipo namfedwa saloledwa kuyankha ngakhale kutsonya. Onse akatha, namfedwa amaimirira n'kunena mbiri ya malemu, ndipo pamenepo ndiye palibe womudula mawu. Koma akabisala, kapena akapsa mtima n'kuyankha nthawi yake isanakwane, basi, timu yake yatsekedwa pakamwa chaka chonse. Benchi yapita. Mu shedi azilowa n'kukhala kumbuyo ngati alendo a pa chinkhoswe cha eni.

Kwa anthu ena chimenecho n'chilango chaching'ono. Kwa ine ndi amalume kunali bwino kutithyola miyendo. Amalume ankanenanso okha mawu amenewo, ndipo zikuoneka kuti kumwamba anamva.

Maliro otere amalume, poti ndiwo anali mkulu wa masapota a Anamzeze, anali atalandirapo ambirimbiri, chifukwa Anamzeze, tinene zoona, amakonda kufa. Ankakhala pa mkeka ali zyoli, misozi ili mbwe, mpaka tsiku lina amayi ena a ku tchalitchi anabwera ndi ufa ndi nkhuni poganiza kuti n'zenizeni. Koma akaimirira kuti alankhule, a Mavu ankabwerera kwawo ngati agonja ndi iwo.

Chaka chimenecho zinthu zinavunda kuyambira kumutu. Akomiti a timu yathu anagulitsa mnyamata wathu womwetsa zigoli ligi ili pakati, ati timu ya ku Joni yam'funa. M'malo mwake anabweretsa bambo wina amene ankathamanga ngati wasenza matumba awiri a simenti. Makochi ankasinthidwa ngati matewera. Pofika masewero omaliza tinali kunsi kwenikweni, ndipo nkhani inali imodzi: tikagonja, tatuluka mu ligi yaikulu. Osewera nawo ake, mwa matimu onse a m'dziko muno, anali Mavu.

Kutatsala masiku ochepa, amalume anakwera njinga ya kasitomala kuti ayese mabuleki. Anakumbukira ali pamtsetse kuti mabulekiwo anali asanawabwezere. Anakathera m'ngalande, mwendo thyo, ndipo anakawagoneka kuchipatala ku Balaka. Poyamba tinkaseka tonse, iwonso ankaseka. Kenako bala linayamba kutukusira, thupi n'kumatentha, amayi n'kusiya kuseka.

Loweruka ndinapita ndekha ku shedi, n'kukakhala pamalo pa amalume penipeni, miyendo ili lendelende osafika pansi. Ndinauza shedi yonse kuti lero Mavu amwa khumi, ndipo goloboyi wawo akapempha ntchito yolondera mbuzi. Ndinalankhula ndithu. Ndikanadziwa ndikanasungako malovu.

Chigoli choyamba chinalowa anthu ena asanakhale pansi. Chachiwiri chinadutsa pakati pa miyendo ya goloboyi wathu, pang'onopang'ono, moti mpirawo unali ndi nthawi yom'patsa moni. Zinazo sindikufuna kuzikumbukira. Pomaliza pa sikirini analemba 4-0, koma ine ndinaona ndi maso angawa zigoli zosachepera makumi awiri. A Mavu anavina mpaka fumbi linazimitsa jenereta.

Ndikutuluka, Che Jafali anandiimitsa pakhomo. "Mwanache, ukawauze amalume ako kuti mawa masana tikubwera. Akapanda kupezeka, mbali yanu ya benchi ija ndizikhazikapo mbuzi zanga."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna akuluakulu a Anamzeze oti andithandize. Anthu amene chaka chonse ankamenya pachifuwa kuti adzafera timu. Wina anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi nsomba zokatenga ku Chiuta. Wina, mphunzitsi wathunthu wa tayi, ati apongozi ake akudwala ku Nayuchi, chonsecho apongoziwo tinali titawaika kalekale. Pofika madzulo, pa Ulongwe ponse namzeze ndinatsala ndine ndekha.

Lamulungu titatuluka Misa yoyamba, ine ndi amayi tinakwera minibasi ya ku Balaka ndi chakudya cha odwala. Mu wodi munkanunkha mankhwala ndi nthochi zakupsa. Amalume anali gone, mwendo uli m'chikhakha, milomo itauma, maso atalowa. Zotsatira anali atamvera kale pa wayilesi ya bambo wa bedi loyandikana, yemwe mwatsoka analinso wa Mavu ndipo ankamwetulira ngakhale anali ndi diripi.

Amayi atatuluka kukatsuka mbale, ndinawafotokozera amalume pulani yanga. Ndinali nditatola miyala yodzaza chitini, legeni ndinali nditabwereka, ndipo galu wathu ndinali nditam'mana chakudya kuti akwiye. Komanso ndinati ndikauza dziko lonse kuti oyimbira anagulidwa.

"Anagulidwa eti?" anafunsa amalume ndi mawu otsika.

"Ndi mbuzi zitatu, amalume. Aliyense akudziwa."

"Chigoli chachiwiri chija, chodutsa pakati pa miyendo. Ndi oyimbira anam'tangadza goloboyi?"

Ndinayang'ana pansi. Simenti ya m'chipatala ndi yosalala bwino, mukaipenyetsetsa.

"Tamvera, Agi. Miyalayo ukataye. Ukayale mkeka, ukakhale. Akanene zonse zimene akufuna, iwe uzikangomeza malovu. Ikakwana nthawi yako, usakayambe ndi oyimbira, usakayambe ndi Mavu. Ukayambe ndi ife. Ukanene chimene chapha timu yathu, mosabisa, kuposa momwe iwo anganenere. Ukatero adzasowa chokubaya nacho."

Sindinadziwe kuti amayi anali ataima kumbuyo kwanga ndi mbale zonyowa.

"Achimwene, mutu wanu ukuyenda bwino? Inu muli gone pano thupi lili moto, ndiye anthu andibweretsere bokosi pakhomo? Malodza amenewo ine iyayi."

"Mlongo wanga, ndi katoni ya sopo chabe."

"Katoniyo ikafika ndiithira madzi otentha, pamodzi ndi eni ake."

Pobwerera amayi ankangoyang'ana pawindo njira yonse, n'kumapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje ngati mwalowa fumbi. Anali atalankhula ndi anamwino pakhonde, ndipo zimene anauzidwa sanandiuze. Aka kanali koyamba kuganiza kuti bokosi ndi bokosi basi, ngakhale likhale la katoni.

Titafika kunyumba anandilamula kuti ndikhale m'kati, anatseka chitseko n'kuika ketulo pa mbaula. Ine ndinakhala pa mpando ngati mwana womvera, kwa kanthawi ndithu. Kenako ndinamva kutali zigubu zikulira, mavuvuzela, ndi mawu a azibambo akuimba nyimbo yachisoni mosangalala. Ndinaganiza za amalume akutuluka m'chipatala n'kupeza mbuzi pa benchi yawo. Ndinaganiza za chaka chathunthu ine Agi nditatseka pakamwa. Madokotala akanandipeza nditaphulika.

Ndinalowa m'kachipinda ka amalume, ndinachotsa jezi yawo pa msomali, n'kuivala. Inandifika m'mapazi, ikununkha girizi ndi sopo wa m'bale. Ndinaponya mkeka pawindo, inenso n'kutsatira. Pamene gulu limakhota pa ngodya ya chigayo, linandipeza nditakhala kale pabwalo, miyendo nditatambasula, mutu nditaweramitsa.

Kunabwera anthu. Machinga yense, Balaka yense, ena ndikukhulupirira anachokera ku Mozambique. Akabaza anali kutsogolo akuliza mabelu, ana akuyala masamba, anyamata anayi atasenza bokosi lokutidwa ndi nsalu yakuda ndi yoyera, pamwamba ataikapo nkhata ya masamba a mbatata. Che Jafali ankayenda pambuyo pake atagwira pamtima, akulira mouma ngati mbuzi yomangidwa.

Atandiona anasiya kulira.

"Iyayi, iyayi, iyayi. Uyu si namfedwa. Kamtsikana aka? Ife tabwera kwa a Fulugensio. Ngati palibe, nkhani yatha, benchi ndi yathu." Anthu anakuwa. Kenako Che Jafali anasolola jezi yachikasu m'jumbo, yatsopano, ikadali ndi fungo la sitolo, n'kuitambasula pamaso panga. "Mwanache, usazunzike ndi mtembo. Vala iyi. Uzilowa mu shedi ulere mpaka tsiku la ukwati wako. Ukuti bwanji? Tayankha."

Mawu anali atafika kale pa lilime. Anali mawu abwino kwambiri, okhudza mimba yawo. Koma ndinaona diso lawo likuphethira kwa anyamata a bokosi, ndipo ndinazindikira msamphawo. Ndinali pa mkeka. Ndikangotsegula pakamwa kudziteteza, ndaswa mwambo ndekha. Ndikakhala chete, anena kuti palibe wotsutsa. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva kukoma kwa magazi.

Pamenepo chitseko chathu chinatseguka.

Amayi anatuluka ndi ketulo m'manja, nthunzi ili tolotolo. Gulu lonse linabwerera m'mbuyo nthawi imodzi, wakabaza wina mpaka anagwera mu mpanda. Amayi anayang'ana bokosi, anayang'ana Che Jafali, kenako anandiyang'ana ine, kamunthu m'jezi ya chihema, ndekhandekha pakati pa bwalo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti madziwo ayamba ndi ine.

Anaika ketulo pansi. Anamanga bwino chitenje, n'kukonza duku.

"Che Jafali, mwambo wanuwo umati wa m'nyumba mwake. Uyu ndinam'berekera m'nyumba muno. Kapena ndikuonetseni pamene tinakwirira mchombo wake?"

"Iyayi, amake Agi, ife timangoti..."

"Mwabweretsa maliro pakhomo panga, ndiye mupepese mwaulemu muzipita. Koma chibokosi chanucho chisakhudze khonde langa. Ndipo mwana wanga sakhala yekha pa mkeka ngati alibe mtundu."

Atatero anakhala pansi pambali panga, mayi amene mpaka lero amafunsa chifukwa chake osewera sangogawirana mipira aliyense wake. Ketulo anaikokera pafupi.

Kupepesa kunayamba. Abale anga, ndinavutika. Munthu aliyense ankagwada mwaulemu, kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundithira tsabola m'khutu. Wina anandipatsa zitsekerero za mabotolo kuti tikagulire wosewera. Mayi wina wogulitsa tomato anapereka chitenje chakale kuti goloboyi wathu azimanga, mwina mpira uzikodwamo. Wakabaza wina anati, "Pepani asisi, kumene mukupitako kulibe vidiyo. Mpira wake amaonera atakwera pa chulu, ng'ombe zikadutsa amayamba aimitsa." Ndinali ndi yankho la aliyense. Mayankho ankabwera okha, okongola, onenepa, ine n'kumawameza amoyo. Ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo ndinanenepa ndi mawu okhaokha.

Kenako kunabwera mnyamata wina woitanira minibasi, maso ofiira, akununkha kachasu. Anagwada, anandigwira dzanja, n'kunena mokweza kuti onse amve: "Pepa mwana. Timu yatsogola, amalume ako akutsatira. Bokosili musataye."



Sindinaonenso anthu. Ndinangoona milomo youma ya amalume. Ndinayamba kudzuka, pakamwa patatseguka kale, ndipo chimene chikanatuluka chikanandichotsetsa mu mpingo. Koma dzanja la amayi linandigwira pantchafu, zikhadabo n'kulowa. Ndinawayang'ana: nkhope ili gwa, akuyang'ana kutsogolo, msozi umodzi ukutsika. Ketulo inali pomwepo, ndipo sanaikhudze. Ngati amayi, eni ake a mlongo wodwalayo, akutha kupirira, ine ndinali ndani? Ndinakhalanso pansi. Ndinameza.

Amene anasuntha ndi Che Jafali. Anam'gwira mnyamatayo pakhosi pa malaya, kum'dzutsa ngati mwana wa mphaka, n'kum'kankhira kumsewu. "Za odwala sitiseweretsa, chitsiru iwe! Usadzapondenso mu shedi mwanga." Anatembenuka, anavula kofiya, n'kunena motsitsa, "Pepani, amake Agi." Kupepesa kokhako ndiko kunali kwenikweni tsiku lonselo. Kenako anakweza mawu: "Opepesa atha. Namfedwa alankhule."

Ndinaimirira. Jezi inandikola mwendo, ndinatsala pang'ono kugwa, koma palibe anaseka. Oyimbira ndi mbuzi zake zitatu anali pa lilime penipeni, ndipo ndinam'kankhira pambali.

"Zikomo nonse amene mwabwera kudzatikhuza," ndinayamba, mawu ali ngati a kamwana ka nkhuku. "Ndimve bwino: malemu Anamzeze sanaphedwe ndi Mavu. Anaphedwa ndi akomiti athu omwe, amene anagulitsa mwendo wokhawo umene timu inkayendera. Goloboyi wathu manja ake ndi dengu lobooka. Otchinga kumbuyo athu amaperekeza mlendo mpaka pagolo ngati ndi apongozi. Bambo wa simenti uja chibwerereni sanamenyepo mpira wolunjika, ngakhale mwangozi. Makochi athu amachotsedwa asanadziwe n'komwe mayina a osewera. Inu mwanena zochepa. Ine ndikudziwa zambiri, chifukwa malirowa ndi anga."

Anthu anayamba kung'ung'udza movomereza. Mawu anga anabwerera, onse, ndi anzawo omwe.

"Tsono inu a Mavu, tandiuzani. Mwapeza mtembo panjira, mtembo wofa kalekale, wopanda womwetsa, wopanda goloboyi, ndiye mwaumwetsa zinayi zokha? Zinayi? Ana a sukulu ya mkaka akanamwetsa khumi asanapite kukamwa phala! Ndiye mwasiya ntchito zanu, mwasoka bokosi, mwayenda padzuwa lonseli kudzanyadira kuti mwagonjetsa maliro? Ife tatuluka mu ligi, inde. Tikaonera pa chulu, inde. Koma benchi ija muziipukuta m'mawa uliwonse, chifukwa Loweruka ndikubwera kudzakhalapo, ndipo tsiku limene mudzagonje mudzandimva muli ku Liwonde. Bokosi siyani pomwepo. Wathu tiika tokha. Inu si adzukulu athu."

Kunali phokoso loti mbalame zonse za mu mlambe zinasamukira ku Mangochi. Azimayi analuluta, akabaza analiza mabelu, ngakhale a jezi zachikasu ankamenyana pamsana. Che Jafali anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi.

"Kamwana aka n'koopsa kuposa amalume ake," anatero akupukuta misozi. "Benchi ndi yanu."

Asanachoke anatuma mwana kukatenga jumbo ya malalanje kuti tikapatse odwala. Bokosi lija amayi analing'amba madzulo omwewo n'kuyatsira mbaula. Ine anandikoka khutu chifukwa chodumpha pawindo, ndipo khutu limenelo mpaka lero n'lalitali kuposa linzake.

Amalume anachira. Kutentha thupi kunatsika m'sabata yomweyo, ndipo anabwera akutsimphina, monga amachitira mpaka pano. Nditawafotokozera zonse, ndi zowonjezera pang'ono, anangofunsa chinthu chimodzi: ngati ndinatchula oyimbira. Nditati ayi, anandigulira fanta.

Chosangalatsa n'chakuti chaka chotsatiracho Anamzeze sankaoneka n'komwe pa sikirini, poti ligi yaing'ono saionetsa. Ine ndi amalume tinkakhala pa benchi yakutsogolo Loweruka lililonse, m'majezi athu, kuchemerera timu iliyonse yosewera ndi Mavu. Anthu a nsomba za ku Chiuta ndi apongozi a ku Nayuchi anabwerera mmodzimmodzi, n'kumakhala kumbuyo mwaulemu.

Ndakumbukira zonsezi chifukwa cha zimene zikuchitika panopa. Anamzeze anabwerera mu ligi yaikulu, ndipo chaka chino timu yagulidwa ndi bwana wina wa malole amene mpira anauonapo pa kalendala. Kochi amene anatikweza, munthu amene ankagona m'kalasi pamodzi ndi osewera, am'chotsa ndi uthenga wa pa foni. Abweretsa wina wa magalasi akuda amene amalankhula Chingelezi chokhachokha, osewera n'kumangogwedeza mitu. Kamnyamata kathu kothamanga kumapiko, kamene tinakalera tokha, akagulitsa ligi isanafike n'pakati pomwe. Ndiye akuti akufuna kusintha mtundu wa jezi kuti ifanane ndi malole awo ofiira. Namzeze wofiira munamuonapo kuti?

Ndikanena zimenezi pa siteji, ena amati ngati timu yakukwana ingoisiya, sapota ya ku Ulaya ngati anzako. Anzanga ake ati? Awa amene amasintha timu malinga ndi tikiti ya kubetcha, lero akulira ndi ofiira, mawa akuvina ndi abuluu? Amene amatukwana m'magulu a pa foni, timu ikagonja n'kuzimitsa data? Ena amati ndine sapota woipa chifukwa ndimanyoza timu yanga pagulu, ati sapota weniweni amaikira kumbuyo. Amenewonso sindiwamva. Kuikira kumbuyo bwana wa malole pamene akupha timu, chimenecho si chikondi, ndi ganyu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti kukonda timu ndi kukuwa kuti ndi yabwino kuposa onse, ndipo ikagonja n'kupeza woyimbira womunamizira. Tsopano ndikudziwa kuti kukuwa aliyense amatha. Chovuta ndi kupezeka pakhomo tsiku limene yakuchititsa manyazi, utavala mtundu wake, n'kumva zonse osathawa, kenako n'kunena wekha zoona zake zowawa kuposa za adani. Munthu amene wachita zimenezo ndi amene ali ndi ufulu wodzudzula. Enawo akhale kumbuyo.

Ndiye bwana wa malole, ngati alipo wokuwerengerani nyuzipepala, akuuzeni izi. Basi ya timu mwagula, osewera mwagula, ngakhale dzina mutha kulipenta. Mukapitiriza chonchi timu ifanso, ndipo tsiku limenelo inu mudzakhala muli ku ofesi, foni mutazimitsa. A Mavu sadziwa n'komwe kumene mumakhala. Kwathu ndiye amakudziwa, ndipo adzandipeza.